Mmene woimba gitala angajambulire yekha chimbale cha nyimbo zoyenda mwakachetechete

Amene wakulira m'gulu la progressive rock amazolowera kudzaza malo. Nyimbo ndi ya mphindi 12, wa ng'oma akusintha kuchoka pa 7/8 kupita pa 5/4, wa kiyibodi akuthamanga kwake, ndiye zala za wa gitala nazo zimaphunzira kuthamanga kuti zisatsalire. Tsiku limene mwaganiza zojambula chimbale chanuchanu, cha gitala yokha, chopanda ng'oma ndi woimba pakamwa, luso lomwelo ndi limene limayamba kukusokonezani. Nyimbo za mtundu uwu, zoyenda mwakachetechete zomwe zimatchedwa ambient, zimafuna kuti noti imodzi ilire, italike, ikumane ndi inzake, kenako izilale yokha inu musanaikepo ina. Malangizo ali m'munsimu akutsata ntchitoyi kuyambira pamene simunagwire gitala mpaka chimbale chitatuluka.

Yambani ndi lamulo, gitala ibwere pambuyo

Musanalumikize chingwe chilichonse, lembani papepala malamulo awiri kapena atatu a chimbale chonse. Mwachitsanzo: mawu onse achokere ku gitala imodzi, nyimbo iliyonse ijambulidwe ulendo umodzi osabwereza, pasakhale ng'oma. Wina angasankhe kuti nyimbo iliyonse ikhale ndi manoti asanu okha. Zikumveka ngati kudzimanga, koma popanda malire otere mudzakhala ndi maola ambirimbiri a mawu okoma omwe sagwirizana, ndipo simudzadziwa kuti chimbale chiyambire pati. M'gulu, malire amakuikirani ndi anzanu. Pano palibe wokuuzani kuti basi zakwana.

Zida ndi mmene zimatsatirana

Simukufunika situdiyo. Mukufunika gitala yochunika bwino, audio interface (kabokosi kolumikiza gitala ku kompyuta) yokhala ndi polowera gitala potchedwa Hi-Z, kompyuta, mahedifoni abwino, ndi pulogalamu yojambulira monga Reaper, Ardour kapena Audacity. Polowera pa Hi-Z ndi pofunika chifukwa pickup ya gitala, kachipangizo kotola kulira kwa nsambo, imafuna impedance yaikulu, ya 1 megaohm kapena pafupi pamenepo. Mukailowetsa pa line wamba, mawu a pamwamba amafa ndipo gitala imamveka yogontha.

Ma pedal atsatane motere: compressor, overdrive ngati mukuifuna, volume pedal, delay (yobwereza mawu pakapita kanthawi), reverb (yomveketsa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu), kenako looper (yojambula kachidutswa n'kumakabwereza mozungulira, komwe timati loop). Chachikulu apa ndi malo a volume pedal. Ikhale patsogolo pa delay ndi reverb. Mukatero, mumakhudza nsambo phazi lili m'mbuyo, kugunda kwa pick sikumveka, kenako mumapondereza pang'onopang'ono ndipo noti imatuluka ngati ya vayolini. Mukabweza phazi, mchira wa delay ndi reverb umapitirira kulira. Mukaiika kumapeto, mumadula mchirawo, ndipo mchirawo ndi umene mukuufuna. Ngati mulibe volume pedal, chala chaching'ono pa kabatani ka voliyumu ka pagitala chimagwira ntchito yomweyo, makamaka pa Stratocaster pomwe kabataniko kali pafupi ndi dzanja.

Ngati ma pedal mulibe, zonsezi zimatheka m'kompyuta. Valhalla Supermassive ndi yaulere ndipo imapereka delay ndi reverb zazitali zokwanira chimbale chathunthu. Mu pulogalamu yojambulira, ikani buffer pa 128. Pa 48 kHz zimenezi ndi mamilisekondi osakwana 3 mbali imodzi, ndipo dzanja silimva kuchedwa.

Loop imene imazilala

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tikhalitsepo.

Mu 1972, ku London, woimba ndi wojambula nyimbo Brian Eno analumikiza matepi rekoda awiri a Revox kuti Robert Fripp wa gulu la King Crimson aimbirepo gitala. Tepi inkachoka pa makina oyamba, omwe ankajambula, n'kudutsa pa makina achiwiri, omwe ankaiwerenga. Mawu otuluka pa makina achiwiri ankabwezedwa ku oyamba n'kusakanikirana ndi zimene Fripp ankaimba nthawi imeneyo. Kutalika kwa kuchedwako kunkadalira mtunda wa pakati pa makina awiriwo: tepi yoyenda masentimita 19 pa sekondi, pa mtunda wa masentimita 95, imapereka masekondi 5. Zimene anajambula zinatuluka mu 1973 pa chimbale cha (No Pussyfooting), ndipo Fripp anadzatchula njirayi kuti Frippertronics. Wopeka nyimbo wa ku America, Terry Riley, anali atagwiritsa kale ntchito njira yonga imeneyi m'zaka za m'ma 1960.

Chimene ambiri amachiphonya ndi chakuti ulendo uliwonse mawu akazungulira pa tepi ankachepa mphamvu pang'ono ndi kutaya kuwala kwake. Zakale zinkabwerera m'mbuyo n'kusiyira malo zatsopano. Looper ya masiku ano, yotsika mtengo, nthawi zambiri imasunga zonse mmene munaziikira, osachepetsa. Pakatha mphindi zitatu mumakhala mwamanga khoma la mawu lomwe silisuntha, ndipo chotsala n'kuimba solo pamwamba pake mpaka kutopa. Nyimbo zambiri za gitala zotchedwa ambient zimatopetsa pa chifukwa chimenechi basi.

Ndiye chitani izi. Tengani delay imene imafika masekondi 4 mpaka 10, kapena looper yokhala ndi kabatani ka decay kapena feedback. Ikani feedback, kutanthauza kuchuluka kwa mawu obwezedwa ulendo uliwonse, pansi pa 100 peresenti. Ngati ulendo uliwonse ukusunga magawo 90 pa 100 a mphamvu ya mawu, noti imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 ikazungulira ka 22. Pa loop ya masekondi 6, amenewo ndi mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Mukatsitsa kufika pa 70, noti yomweyo imazilala ikazungulira ka 7, masekondi 42. Manambala a pa kabatani ka pedal yanu sangafanane ndendende ndi masamu awa, choncho yesani nokha: imbani noti imodzi, yang'anani wotchi, muone nthawi imene ikutenga kuti isowe. Nthawi imeneyo ndiyo ikuuzeni liwiro limene nyimbo yanu ingasinthire kuchoka pa chord ina kupita pa ina.

Mukayamba kuimba, ikani noti imodzi, kenako manja pansi. Imvetsereni ikabwera kachiwiri, kachitatu. Ikani yachiwiri pamalo pomwe pali mpata, osati pamwamba pa yoyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa munthu amene zala zake zinazolowera kuthamanga, masekondi 18 osakhudza nsambo amamveka ngati chilango. Pirirani. Feedback isakhale pamalo amodzi nyimbo yonse: ikwezeni pamene mwapeza chinthu chokoma kuti chikhalitse, itsitseni pamene mukufuna kusesa bwalo n'kuyamba gawo lina. Ngati pedal yanu imalola expression pedal, yosinthira kabatani ndi phazi, ipatseni ntchito imeneyi.

Pali njira ina yoti nyimbo iziyenda yokha, yomwe Eno anagwiritsa ntchito pa Music for Airports mu 1978: ma loop angapo osiyana kutalika. Loop ya masekondi 7 ndi ina ya masekondi 11 zimakumananso poyambira pakatha masekondi 77. Mukaonjezera yachitatu ya masekondi 13, zimatenga masekondi 1,001, kutanthauza mphindi 16 ndi masekondi 41, zisanabwereze chimodzimodzi. M'kompyuta n'zosavuta: matiraki atatu, lililonse ndi kachidutswa kake kobwerezabwereza, metronome yozimitsa.

Manoti oti musankhe

Mu loop yaitali, noti iliyonse imene mwaimba imakumana ndi zonse zimene munaimba m'mphindi ziwiri zapitazo. Choncho musaganize za ma chord otsatana ngati m'nyimbo wamba. Ganizani za gulu la manoti omwe angakhalire limodzi. Asanu kapena asanu ndi imodzi ndi okwanira. Manoti oyandikana kwambiri, monga E ndi F, akakumana pansi amachita matope. Mukawatalikitsa ndi octave imodzi kapena ziwiri, amapereka kuwawa kokoma komwe nyimbo zotere zimafuna. Kumunsi gwiritsani ntchito ma fifth ndi ma octave, ma third muwasiyire pamwamba.

Noti ya pansi ibwere mochedwa. Yesani izi: ikani E, B ndi F# mu loop pa nsambo zazing'ono. Zikakhazikika, imbani E wa pansi. Akazilala, imbani C wa pansi m'malo mwake. Manoti atatu a pamwamba sanasinthe, koma tsopano akumveka ngati Cmaj7#11, ndipo womvera amamva ngati nyimbo yonse yatembenuka. Kenako yesani A. Ndi manoti atatu a pansi okha mwapeza nyimbo ya mphindi 8.

Kusintha machunidwe kumathandiza kuthawa zizolowezi za zala. DADGAD ndi poyambira pabwino chifukwa nsambo zosagwira zimalira pamodzi popanda kunena kuti ndi major kapena minor. Fripp ali ndi machunidwe ake, C G D A E G, omwe ankaphunzitsa mu Guitar Craft kuyambira 1985. Nsambo zinayi za pansi zimafanana ndi za cello. Musayese amenewa ndi nsambo zanu za masiku onse: ya pansi imakhwepa, ya pamwamba imaduka. Amafuna nsambo zosankhidwira ntchitoyo.

Njira zina zolizira nsambo

EBow, kachipangizo kogwira m'manja komwe Greg Heet anapanga ndipo kanayamba kugulitsidwa mu 1976, kamanjenjemeretsa nsambo imodzi ndi mphamvu ya maginito moti noti siitha. Gwiritsani ntchito pickup ya kukhosi, tsitsani tone, ndipo chenjerani: mukakayandikitsa pamwamba penipeni pa pickup mawu amakwera mwadzidzidzi. Kachitsulo kosalala, kaya slide kaya screwdriver, kokhuzidwa mopepuka pansambo uku delay ili yoyatsa, kamatulutsa mawu oyandama omwe Daevid Allen wa gulu la Gong ankadziwika nawo. Uta wa vayolini umagwiranso, koma popeza nsambo za gitala zinayalidwa mosapindika, umafika bwino pa nsambo za m'mphepete zokha, ndipo utomoni wake umadetsa nsambo. Sungani gitala ina ya ntchito imeneyi ngati mungathe. Mukhozanso kugoneka gitala patebulo monga ankachitira Keith Rowe wa gulu la AMM, n'kupanikiza timapepala kapena tizitsulo pakati pa nsambo.

Maganizo anga ndi akuti nyimbo imodzi itenge njira imodzi kapena ziwiri. Chimbale chimene chimaonetsa zonse m'nyimbo yoyamba chimamveka ngati munthu akuyesa katundu, osati akuimba.

Kujambula

Ikani 24 bit ndi 48 kHz. Jambulani matiraki awiri nthawi imodzi: gitala yosakhudzidwa ndi ma effect, yochokera pa DI (kabokosi kotenga mawu a gitala asanalowe m'ma pedal), ndi mawu otuluka kumapeto kwa ma pedal mu stereo. Tiraki yoyamba ija idzakupulumutsani tsiku limene mwaimba bwino koma reverb inachuluka. Siyani mpata waukulu pa mita: noti yoyamba isapitirire -18 dBFS, chifukwa loop ikamadzaza mphamvu imakwera, ndipo simukufuna kuti nyimbo iphulike pa mphindi ya 9 pomwe yafika pokoma.

Phokoso la magetsi ndi mdani wamkulu pano kuposa m'gulu, chifukwa loop imalisunga n'kuliunjika ulendo uliwonse. Pickup za single coil zimakoka kulira kwa 50 kapena 60 Hz, malinga ndi magetsi a dziko limene muli. Tembenukani pampando pang'onopang'ono gitala ili m'manja mpaka mutapeza mbali imene phokoso lachepa, ndipo khalani choncho. Talikirani kompyuta, ikani foni kutali, ma pedal apatseni magetsi osagawana waya umodzi. Bwezani volume pedal m'mbuyo nthawi iliyonse imene simukuimba.

Dinani batani lojambulira musanayambe kuchuna ma effect, ndipo musalizimitse mpaka mchira womaliza utatheratu. Zabwino zambiri zimabwera pamene mukuganiza kuti mukungoyesa. Mukamaliza, jambulani chithunzi cha mabatani a ma pedal ndi foni, lembani tsiku ndi machunidwe m'dzina la fayilo. Mukalakwitsa noti, musaime. Idzabwera kangapo n'kuzilala. Nthawi zina mukaiimbanso dala pamalo ena imasanduka njira yatsopano ya nyimboyo.

Kusankha ndi kudula

Mukasonkhanitsa maola angapo, zisiyeni masabata awiri kapena atatu osazimvera. Pobwerera, gitala ikhale m'chikwama chake. Mverani muli ndi pepala, lembani mphindi imene mwayamba kutchera khutu ndi mphindi imene maganizo athawira kwina. Pakati pa ziwirizo ndi pamene pali nyimbo yanu. Zambiri mudzazitaya, ndipo zina mwa izo zidzakhala zimene munavutikira kwambiri poimba. Womvera sadziwa kuti panali povuta. Amangomva ngati pakumugwira kapena ayi.

Poyambira pa kujambula kulikonse, pomwe loop ikumangidwa noti imodziimodzi, pamakoma ulendo woyamba. Nyimbo zisanu zotsatana zikayamba choncho, womvera amadziwiratu zimene zikubwera. Zina ziyambireni pakati, mawu atadzaza kale. Polumikiza zidutswa ziwiri gwiritsani ntchito crossfade yaitali, ya masekondi 10 kapena 20, ndipo onetsetsani kuti manoti a mbali ziwirizo akhoza kukhalira limodzi.

Apa ndi pamene kompyuta imakhala chida choimbira. Tembenuzani kachidutswa kuti kayambire kumapeto. Kachepetseni liwiro ndi theka: kamatsika octave imodzi n'kutalika kawiri, ndipo mumapeza besi popanda kugwira besi. Paulstretch, yomwe Paul Nasca analemba ndipo imapezeka mu Audacity, imatha kukoka chord ya masekondi 10 kukhala mphindi zingapo. Ndi yokoma, koma mawu ake amadziwika msanga, choncho ikhale pansi pa zina, isakhale nyimbo payokha. Za mawu ojambulidwa panja, ndinganene kuti mvula ndi mbalame zagwiritsidwa ntchito mokwanira. Ngati muikamo mawu a malo, akhale amene ali ndi chifukwa m'nyimboyo. Mawu a munthu wolankhula amafuna chilolezo chake, ndipo kachidutswa ka chimbale cha wina kamafuna chilolezo cha mwini wake ngakhale mutakakoka mpaka kusadziwika.

Nanga solo? Ndinu woimba gitala, ndipo omvera amene akukudziwani kuchokera kugulu akuyembekeza kumva zala zanu. Apatseni, koma kamodzi kapena kawiri pa chimbale chonse, pamalo pomwe akhala nthawi yaitali osamva noti yoyamba ndi kugunda kwa pick. Pamenepo ngakhale manoti 10 amamveka ngati chinthu chachikulu.

Mixing

Vuto la kawirikawiri ndi kuunjikana kwa mawu pakati pa 200 ndi 400 Hz, komwe gitala zambiri zosanjikizana zimakumana. Chepetsani pamenepo pang'ono pa matiraki amene sakunyamula pansi. Nsambo yaikulu ya gitala pa machunidwe wamba imalira pa 82 Hz, choncho pa tiraki imene simunaitsitse liwiro, zonse za pansi pa 70 Hz n'zinyalala ndipo mukhoza kuzidula. Pa reverb, njira yodziwika ndi dzina la situdiyo ya Abbey Road ndi kudula za pansi pa 600 Hz ndi za pamwamba pa 10 kHz mawu asanalowe mu reverb. Yambirani pamenepo, kenako bwezerani za pansi pang'ono ngati mchira wawonda. EBow ndi feedback zimakonda kubaya khutu pakati pa 2 ndi 4 kHz. Pezani malo enieniwo ndi EQ yopapatiza, n'kuchepetsa pamenepo.

Si zonse ziyenera kukhala kutali. Ngati chilichonse chamira mu reverb, khutu limasowa poyezera mtunda. Siyani chinthu chimodzi pafupi, chouma, ngakhale kukhale kukhudza kwa chala pansambo, ndipo zina zonse zidzamveka zakuya. Mverani mu mono kamodzi, chifukwa ma effect otambasula stereo nthawi zina amafafanizana, ndipo mverani pa sipika ya foni kuti muone chimene chikutsala besi ikasowa.

Kusanja nyimbo ndi mastering

Mphindi 35 mpaka 45 n'zokwanira. Ganizani ngati mbale ya vinyl yokhala ndi mbali ziwiri, iliyonse ya mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono, ngakhale simudzatulutsa mbale: zimakukakamizani kuti mukhale ndi poyambira pawiri ndi pothera pawiri. Nyimbo ziwiri za kiyi imodzi zisatsatane pokhapokha mukufuna kuti zimveke ngati imodzi. Nyimbo yovuta kwambiri, ya phokoso ndi zachilendo, isakhale yoyamba. Ikhale pomwe womvera wayamba kale kukukhulupirirani. Mpata wa pakati pa nyimbo muuyeze ndi khutu, osati kungosiya masekondi awiri paliponse. Ngati nyimbo zikulowana popanda mpata, chitani mastering, kukonza komaliza kwa mawu, ya chimbale chonse ngati fayilo imodzi, kenako mudule.

Pa mastering musapanikize. Spotify imalinganiza nyimbo pa -14 LUFS, choncho kukweza mopitirira sikukupatsani chilichonse, kumangopha kusiyana kwa pofewa ndi pamphamvu komwe mwakhala mukumanga. Nsonga zisapitirire -1 dBTP. Ngati mupanga CD, tsitsani kufika pa 16 bit ndi 44.1 kHz, ndipo dither, kaphokoso kochepa koikidwa dala potsitsa ma bit, musaiwale, chifukwa michira yaitali yozilala ndi imene imayamba kuonongeka popanda iyo. Ngati mungathe kupereka gawo ili kwa munthu wina, perekani, ndipo muuzeni poyambirira kuti simukufuna mphamvu ya nyimbo za rock.

Kutulutsa

Ngati muli m'gulu, auzeni anzanu msanga, ndipo werengani mgwirizano uliwonse umene munasaina ndi kampani yojambula, chifukwa ina imakhudzanso zimene mumajambula panokha. Pa Bandcamp mumaika nokha mafayilo a WAV kapena FLAC, ndipo omvera nyimbo zotere ambiri amagula kumeneko chimbale chathunthu. Kuti mufike pa Spotify ndi Apple Music mumadzera kwa wofalitsa monga DistroKid kapena CD Baby, amene amapereka nambala ya ISRC pa nyimbo iliyonse ndi UPC pa chimbale. Chithunzi cha pachikuto chikhale cha mapikiselo 3000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Pa Spotify for Artists mukhoza kutumiza nyimbo imodzi kwa osankha ma playlist, koma pasadakhale, masiku osachepera 7 chimbale chisanatuluke. Sankhani yaifupi, imene ikhoza kuima payokha.

M'mawu ofotokoza chimbale nenani zoona zake mosabisa: gitala yokha, palibe ng'oma, palibe woimba pakamwa. Wokonda gulu lanu akabwera akuyembekeza 7/8 adzakhumudwa, pomwe akadziwiratu adzamvera ndi khutu lina. Lembaninso zida ndi machunidwe a nyimbo iliyonse, chifukwa omvera ambiri a zimbale zotere ndi oimba gitala anzanu ndipo adzafunsa.

Pomaliza sungani mafayilo onse, a DI ndi a ma effect omwe, pa malo awiri osiyana, limodzi ndi zithunzi za mabatani zija. Nyimbo yopekedwa pomwepo pa loop yozilala simungaiimbenso chimodzimodzi, ndipo ngati mudzafuna kuchitanso mixing kapena kutulutsa vinyl m'tsogolo, mudzayambira pa mafayilo amenewo.